Sonkhanitsani makanema a banja zimbale zisanaonongeke

M'nyumba zambiri kuno kum'mawa, pansi pa sutukesi kapena m'kabati, muli zimbale za kanema zimene zinajambulidwa zaka khumi kapena makumi awiri zapitazo. Cina ndi ca ukwati wa mwana woyamba, cina ca Nc'wala ku Mtenguleni, cina ca Kulamba ku Mkaika. Pa cimbale ciri conse mwina pali mphindi zisanu zokha zimene banja limakhumba kuonanso: pamene malemu ambuya alikulangiza mkwatibwi, kapena pamene atate aoneka pakati pa impi atanyamula cishango.

Zimbalezi sizikhala muyaya ai. DVD yolembedwa pa kompyuta imasunga zithunzi zace mu utoto wopyapyala umene umaonongeka ndi dzuwa, kutentha ndi cinyontho. Cimbale cikayamba kuima-ima kapena kudumpha mau, dziwani kuti cayamba kutha, ndipo tsiku lina cidzakaniratu.

Nkotheka kutapa mbali zokondedwazo pa zimbale zosiyana-siyana ndi kuziika pa DVD imodzi. Anyamata ogwira nchito za makompyuta m'matauni monga Chipata, Katete ndi Petauke amacita izi. Poyamba amakopera cimbale conse mu kompyuta, kenaka amadula mbali zofunikazo, nazilumikiza monga mwini wace wanenera, ndipo pomaliza amazilemba pa cimbale catsopano. Zimbale zakalezo sizidulidwa konse, mumabwerera nazo kunyumba ziri zamphumphu.

Nchito yaikulu iri kwa inu eni ace. Musanakwere basi, khalani pansi monga banja, onerani zimbale zonse, ndipo lembani pa pepala mphindi pamene mbali yofunika iyambira ndi pamene ithera. Mnyamata wa m'tauni sadziwa kuti nkhalamba yokhala pa mphasa kumbuyoko ndiye mwini mbumba. Mukamsiya asankhe yekha adzasunga keke ndi magalimoto, nkutaya ambuya!

Pafunikanso kusankha cifukwa malo ngocepa. DVD wamba imatenga 4.7 GB, ndiko kuti kanema wooneka bwino wa maola ngati awiri. Wina angakulonjezeni kuti adzapanikizapo maola 6. Angathedi, koma nkhope zidzaoneka ngati ziri m'nkhungu. Ndiponso kanema wocokera pa VCD yakale sayera cifukwa coikidwa pa DVD. Adzaoneka monga momwe analiri.

Musanalipire, pemphani kuti cimbaleco aciyese pa makina a DVD oonetsera pa TV. Cimbale cimene sicinatsekedwe bwino pomaliza kulemba cimaonetsa pa kompyuta yokha, koma kumudzi nkukana. Ngati pali kanema wotumizidwa ndi mbale wa ku America, nenani msanga, pakuti kumeneko amajambula m'njira ya NTSC pamene ife kuno tigwiritsa nchito PAL, ndipo ziwirizi ziyenera kuyanjanitsidwa zisanakhale pa cimbale cimodzi.

Tikunena za makanema anu-anu. Kukopera nyimbo kapena mafilimu a ena ndi kumagulitsa ndi mlandu pa lamulo la Copyright and Performance Rights la caka ca 1994, ndipo kumalanda oimba athu cakudya pakamwa.

DVD inayamba kugulitsidwa ku Japan m'caka ca 1996, ndipo tsopano ikucepa. Makompyuta ambiri atsopano alibe ngakhale khomo lolowetsera cimbale, kotero ogwira nchitoyi akusowa caka ndi caka. Cifukwa ca ici lembetsani zimbale ziwiri, cimodzi cikakhale kwa mbale wa m'mudzi wina, ndipo makanema omwewo aikidwenso pa fulashi kapena pa khadi la m'foni. Dzina ndi caka zilembedwe pamwamba ndi maka yofewa, osati bolopeni imene imakanda. Popukuta fumbi tengani kansaru kofewa, muyambire pakati kunka m'mphepete, osazunguliza.