Madzi a ku Mzimba Ali Kulembedwa m'Mabuku

Anthu oyenda pa milatho ya mitsinje ikuluikulu aona kawirikawiri chitsulo chokhala ndi manambala chitazikidwa m'mphepete mwa madzi. Ena ayesa kuti ndi malire a minda, ena ayesa kuti anachiiwala anthu omanga mlatho. Iai, chitsulo chimenecho ndi muyeso wa madzi, ndipo ntchito yofufuza za mitsinje iyambira pamenepo.

Boma lipatsa ntchito munthu wokhala pafupi kuti aziwerenga pamene madzi alekeza, m'mawa ndi madzulo, nalemba m'buku. Nthawi zina akatswiri afika ndi chipangizo choyesera liwiro la madzi, ndipo pophatikiza liwirolo ndi kukula kwa mtsinje adziwa madzi amene apita pamalopo tsiku lililonse. Manambala a chaka chimodzi sathandiza kwenikweni. Afunika a zaka 20 kapena 30. Nyanja ya Malawi yomwe inaphwa kotero kuti kuyambira cha mu 1915 kufikira cha mu 1935 madzi ake analeka kutulukira mu Shire, koma mu 1980 inadzala koposa. Munthu woona chaka chimodzi chokha akadanyengeka.

Pofuna kulongosola ntchitoyi, dziko lino linagawidwa m'zigawo 17 za madzi, potsata mitsinje osati malire a maboma. Anthu a ku Engutwini ndi pa boma la Mzimba ali m'chigawo cha nambala 7, cha mtsinje wa South Rukuru, umene uyambira kumwera kwa Mzimba, nulandira madzi a mitsinje ya Mzimba ndi Kasitu, nukathira m'nyanja m'boma la Rumphi. Midzi ina ya kumwera kwenikweni madzi ake atsikira ku Dwangwa, m'chigawo cha nambala 6.

Kale ntchito yofufuza inali ya Boma lokha. Frank Dixey, amene anali mkulu woona za miyala ndi nthaka mu Nyasaland kuyambira 1921 kufikira 1939, anatsogolera ntchito yokumba zitsime m'midzi, ndipo mu 1931 anasindikiza buku lophunzitsa kapezedwe ka madzi. Funso la masiku amenewo linali limodzi: kodi madzi ali pati, ndipo ndi ochuluka bwanji? Funso lomwelo ndilo linayankhidwa m'mabuku akulu a chikonzero cha madzi a dziko lonse, a mu 1986 ndi a mu 2014.

Pambuyo pake anthu anayamba kufunsa zina. Pa mapiri a Viphya, kumene kutuluka mitsinje yambiri, Boma linabzala mitengo ya paini pa malo oposa mahekitala 50,000. Mu 1994 katswiri wina wa ku Malawi konkuno, E. J. Mwendera, anasindikiza zimene anapeza pa mtsinje wa Luchelemu, polinganiza manambala a nthawi imene dera lake linali la udzu ndi tchire, ndi a nthawi imene linadzala paini ndi bulugamu. Madzi osefukira a m'dzinja sanasinthe kwenikweni, koma madzi otsala m'chilimwe anachepa. Tsono nkhani imeneyi siitanthauza kuti mitengo njoipa. Itanthauza kuti mitengo yokula msanga imwa madzi chaka chonse, kotero wobzala bulugamu pa kasupe kapena m'dambo aganizire za mwezi wa October. Akadapanda anthu aja olemba manambala m'mawa ndi madzulo, Mwendera sakadakhala ndi cholinganiza.

Nkhani ya mijigo

Funso limene lakula m'zaka zino ndi la mijigo: chifukwa ninji ifa msanga? Mu 2016 akatswiri a ku Chancellor College, pamodzi ndi a British Geological Survey ndi a WaterAid, anayendera mijigo 200 m'maboma asanu: Balaka, Machinga, Lilongwe, Nkhotakota ndi Mzimba. Sanangofunsa kuti mjigo utulutsa madzi kapena iai, monga achitira owerenga ambiri. Anapopa okha, nayesa madziwo, nafunsanso eni ake masiku amene mjigo unakhala wakufa.

Zimene anapeza m'maboma onse asanu pamodzi ndi izi. Pa mijigo 100 iliyonse, 74 inali kutulutsa madzi tsiku limene anafika. Poyesa ngati itulutsa malita 10 pa mphindi imodzi, ndiko kuti ndowa ya malita 20 idzale m'mphindi ziwiri, inatsala 67. Pochotsa imene inakhala yakufa kopitirira mwezi umodzi m'chakacho, inatsala 58. Ndipo pochotsanso imene madzi ake sanafike pa muyeso wa madzi abwino akumwa, inatsala 41 yokha.

Manambala amenewa ayenera kuwerengedwa mosamala. Mjigo umene m'buku la ku ofesi walembedwa kuti ndi wamoyo ukhoza kukhala womwewo umene amai adikira pamzere kufikira dzuwa litakwera. Mjigo umodzi uyenera kutumikira anthu 250. Madzi akamatuluka pang'onopang'ono, ena atopa ndi kudikira nabwerera ku chitsime cha m'dambo, ndipo matenda a m'mimba ayambira pomwepo. Kale mlandu wonse unkagwera komiti ya pamudzi, kuti siisonkhetsa ndalama zogulira mphira ndi zitsulo za pampu ya Afridev. Nthawi zina mlanduwo ngwoona. Koma ofufuza aonetsanso kuti mijigo ina inabadwa yodwala: anaikumba pamalo a madzi ochepa, kapena anaimanga mosalongosoka pansi pamene maso saona. Komiti ingasonkhe ndalama zotani, mjigo wotere sungachire.

Njira ya kusindikiza

Wofufuza akatha ntchito yake ailemba m'Chingerezi, naitumiza kwa akonzi a magazini ya anthu ophunzira. Akonziwo aipereka kwa akatswiri ena awiri kapena atatu kuti aifunefune zolakwa. Ikabwera ndi mafunso, mwini wake aikonza, ndipo mwina papita chaka chathunthu isanatuluke. Kuchedwa kumeneku nkwabwino, pakuti ndiko kusiyanitsa nkhani yoyesedwa ndi mphekesera.

Masiku a Dixey olemba anali Azungu a m'Boma. Lero ambiri ndi eni dziko. Mzuzu University, imene inatsegulidwa mu 1999, iphunzitsa za kasamalidwe ka madzi, ndipo ophunzira ake afufuza zitsime ndi mitsinje ya m'chigawo cha kumpoto. Kuyambira mu 2000 masukulu aukachenjede a kumwera ndi kum'mawa kwa Africa anagwirizana m'bungwe la WaterNet, limene lichita msonkhano chaka ndi chaka. Wa mu 2006 unachitikira ku Lilongwe. Zambiri zokambidwa kumeneko zasindikizidwa m'magazini yotchedwa Physics and Chemistry of the Earth.

Koma pali vuto. Magazini ambiri otere ngakunja, ndipo ena afuna ndalama kwa wowerenga, ena afuna ndalama zambiri kwa wolemba kuti nkhani yake iwerengedwe mwaulere pa intaneti. Choncho nkhani ya mjigo wa kwa Inkosi Mzikubola ikhoza kuwerengedwa ku London koma osafika kwa amai amene anayankha mafunso. Ndipo ingakhale ifike, ili m'Chingerezi chovuta, osati m'Chitumbuka kapena m'Chichewa. Apa ofufuza akali ndi ngongole kwa anthu a m'midzi, ndipo nkoyenera kuwakumbutsa.

Vuto lina lili kumudzi komweko. Malo ambiri oyesera madzi analeka kugwira ntchito, ena chifukwa chitsulo chinakokoloka, ena chifukwa anthu anachizula. Chaka chimene sichinalembedwe sichibweranso, ndipo National Water Resources Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la mu 2013, lidalira manambala omwewo pogawa madzi a mtsinje pakati pa mipope ya m'tauni, alimi a mthirira ndi ziweto.

Chifukwa chake amakhosi ndi mafumu a midzi apemphedwa kuletsa anthu ao kuzula zitsulo zimenezi, ndi kuuza a ofesi ya za madzi pa boma la Mzimba chitsulo chikagwa. Makomiti a mijigo asunge kabuku kolembamo tsiku limene mjigo unafa, chimene chinaonongeka, ndalama zimene zinapita, ndi tsiku limene unadzuka. Alendo ofufuza akafika ayenera kuyamba aonekera kwa mfumu ndi kunena kumene achokera. Anthu awayankhe zoona, osachepetsa mavuto poopa manyazi, osaonjezanso poyembekeza mjigo watsopano. Ndipo asanachoke ndi mabotolo ao a madzi, mfumu iwafunse mwezi umene adzabwera kudzanena zimene apeza, mlembi wa komiti alembe mweziwo m'kabuku komweko.