Kodi Galimoto ya Magetsi Ingafike ku Karonga?

M'zaka za 2022 mpaka 2024, pamene mafuta anali kusowa kawirikawiri m'dziko muno, ndipo eni magalimoto anali kugona pa mizere ya petulo ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, funso limodzi linayamba kumveka m'maofesi a Boma ndi m'zipinda za aphunzitsi: kodi sichingakhale chanzeru kugula galimoto yoyendera magetsi? Funsoli n'loyenera ndithu, pakuti dontho lililonse la petulo limachokera kunja, kudzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo limalipiridwa ndi ndalama zakunja, pamene magetsi ambiri amapangidwa konkuno pa mtsinje wa Shire.

Kwa munthu wongochoka ku Area 25 kunka ku Capital Hill ndi kubwerera madzulo, yankho n'lapafupi: galimoto yotere imkwanira, malinga aitchaje usiku kunyumba kwake. Mlandu uli pa ulendo wautali, monga wa ofesala amene watumidwa kuchokera ku Blantyre kunka ku Karonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 900 pa msewu wa M1.

Nkhokwe ya galimoto yotere ndi batire, ndipo ukulu wake umayesedwa ndi mayunitsi omwewo amene munthu amagula poika mu mita ya ESCOM. Galimoto yaing'ono imadya mayunitsi 15 mpaka 20 pa makilomita 100 alionse. Chotero ulendo wa ku Blantyre mpaka ku Lilongwe, umene uli makilomita oposa pang'ono 300, ungafune mayunitsi 50 kapena 60, pamene inzake ya petulo ingamwe malita oposa 20. Aliyense wodziwa mtengo wa zinthu ziwirizi angathe kudziwerengera yekha kumene kuli phindu.

Tsono funso ndi lakuti batire limasunga mayunitsi angati. Pakuti anthu ambiri muno amagula magalimoto amene anayamba agwirapo ntchito ku Japan, chitsanzo choyenera ndi Nissan Leaf. Yoyamba, ya mu 2010, inali ndi batire la mayunitsi 24, lokwanira makilomita pafupifupi 120 likali latsopano. Ya mu 2017 inadza ndi la mayunitsi 40, limene poyesedwa ku America linafika makilomita pafupifupi 240. Manambala amenewa ndi a galimoto yatsopano. Batire limafooka ndi ukalamba, ndiponso liwiro limalidya kwambiri, chifukwa mphamvu yolimbana ndi mphepo imakula msanga kuposa liwirolo. Woyendetsa amene wanyamula banja lake, thumba la chimanga ndi mbatata za pa Lizulu, akayembekeza makilomita oposa 200, akudzinyenga.

Ndi galimoto yotere, munthu wochoka ku Blantyre ayenera kuima pa Ntcheu, pakati pa ulendo wa ku Lilongwe, asanayambe chitunda chonka ku Dedza. Kuchoka ku Lilongwe afika pa Kasungu mosavuta, pakuti ndi makilomita ngati 130 a msewu wopanda mapiri. Chigawo choopsa ndi cha pa Kasungu mpaka ku Mzuzu: makilomita oposa 200, okwera mapiri a Viphya kudzera m'nkhalango ya Chikangawa, kumene midzi ili patalipatali. Akapanda kupeza potchajira pa Jenda kapena ku Mzimba, ulendo wathera m'mitengo ya paini. Ndipo magetsi sanyamulika m'chigubu monga petulo. Galimoto ikazima, imafuna inzake yoti iinyamule.

Mapiri ali ndi ubwino wake umodzi. Potsika, injini ya magetsi imasanduka jenereta, nibwezera mphamvu ina m'batire, ndipo mabuleki amapuma. Pa chitsiko cha Chiweta, pamene oyendetsa malole amatsika mtima uli m'mwamba poopa kupsa kwa mabuleki, galimoto ya magetsi ingafike m'mbali mwa nyanja batire lake litadzalako. Koma chimene chimabwezedwa potsika sichifika pa chimene chinatha pokwera.

Kuima pa Ntcheu kuja kudzatenga nthawi yotani? Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Soketi ya m'nyumba imapereka mayunitsi awiri kapena atatu pa ola, kotero kuti batire la mayunitsi 40 lingafune maola oposa 15 kuti lidzale. Woyenda chotero adzagona pa Ntcheu, ku Lilongwe, pa Jenda ndi ku Mzuzu, nadzafika ku Karonga msonkhano utatha kalekale. Makina otchajira mofulumira, a makilowati 50, amadzaza batire lomwelo mpaka magawo 80 pa 100 m'nthawi yosapitirira ola limodzi, nthawi yokwanira kudya nsima ndi kuwongola miyendo. Kupitirira pamenepo makinawo amachepetsa dala liwiro lake poteteza batire, ndipo n'chifukwa chake ozolowera amanyamuka lisanadzale. Batire la Leaf ya mu 2017 ija lilinso ndi chilema ichi, kuti silizizitsidwa ndi madzi monga a magalimoto ena. Likatchajidwa mofulumira kawiri katatu tsiku limodzi limatentha, ndipo kutchaja kumachedwa. Wodutsa pa Zalewa masana a mwezi wa Okutobala ayenera kukumbukira zimenezi.

Zoona, alipo magalimoto atsopano a mabatire a mayunitsi 60 mpaka 80, amene angachoke ku Blantyre kufika ku Lilongwe osaima paliponse. Mtengo wake si wa malipiro a mphunzitsi, ndipo ngakhale iwowo sangafike ku Karonga osatchaja kawiri.

Dziko la Norway ndilo limatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi, pakuti mu 2024 magalimoto pafupifupi 89 pa 100 alionse atsopano ogulidwa kumeneko anali a magetsi. Nalonso ndi dziko lalitali, lamapiri, lodalira mphamvu ya madzi. Chimene chimaiwalika n'chakuti Boma la kumeneko silinangochotsa misonkho pa magalimotowo. Linathandizanso kumanga malo otchajira mofulumira pa makilomita 50 alionse m'misewu ikuluikulu. Ntchito yotere si yopachika soketi pa khonde la golosale. Makina amodzi a makilowati 50 amakoka magetsi ofanana ndi maketulo 25 owira nthawi imodzi, ndipo amafuna thiransifoma yamphamvu ndi mawaya olimba.

Pamwamba pa izo, magetsiwo ayenera kukhalapo pa ola limene wapaulendo wafika. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, nachotsa mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunasautsa dziko lonse mpaka makinawo atakonzedwa mu 2023. Pa Golomoti, m'boma la Dedza, panatsegulidwa mu 2022 malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 okhala ndi mabatire osungira mphamvu. Malo otchajira a m'mbali mwa msewu angathe kutsanzira njira yomweyo pang'ono, kuti asagone pamene mawaya azima.

Chatsala ndi kanthu kooneka kakang'ono, ndiko pulagi. Leaf yochokera ku Japan imatchajidwa mofulumira ndi pulagi yotchedwa CHAdeMO, magalimoto a ku Ulaya amafuna CCS, ndipo ogulitsidwa m'dziko la China ali ndi yawoyawo. Dziko lolandira magalimoto kuchokera konsekonse liyenera kugamula msanga za mapulagi amene makina a pa M1 adzakhale nawo. Apo ayi, ofesala uja angafike pa Jenda batire lili pafupi kutha, makina alipo, magetsi akuyaka, koma pulagi yosalowa.