Ulendo Wautali Padzuwa: Phunziro kwa Othamanga M'mapiri

Amayi, mwina munamvapo pa wailesi za mpikisano wothamanga wa m'phiri la Mulanje, umene unayamba ndi anthu onyamulira alendo katundu. Umachitika nthawi yozizira, kawirikawiri mu Julayi. Othamanga amanyamukira pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudzera ku Lichenya, n'kutsikiranso pa Likhubula. Ndi mtunda woposa makilomita 20, wonga wochoka pa Salima boma kukafika ku Senga Bay, koma wokwera matanthwe. M'maiko ena muli mipikisano ya m'mapiri yofika makilomita 100.

Kodi izi zikukukhudzani bwanji inu amene mwabwera ku sikelo? Mukamayenda wapansi kuchokera ku Lifuwu kapena kwa Maganga mu Okutobala, mwana ali kumbuyo, mchenga ukuwotcha kumapazi, thupi lanu limakumana ndi zomwe limakumana nazo thupi la wothamanga uja.

Thupi likatentha limatulutsa thukuta kuti lizizire. Koma thukuta limatuluka ndi madzi pamodzi ndi mchere. Madzi akachepa, magazinso amachepa, mtima umagunda mofulumira, mutu umapweteka ndipo mumamva chizungulire. Yang'anani mkodzo wanu: ukakhala wochepa ndi wofiirira, madzi akuperewera. N'chifukwa chake othamanga amamwa pang'onopang'ono m'njira monse, komanso amadyako kanthu. Inunso nyamukani m'mamawa kusanatenthe, tengani botolo la madzi owiritsa kapena othira klorini, ndi nthochi kapena mtedza. Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera chotani, musamwe osawateteza.

Amene ali pangozi yaikulu ndi wam'mbuyoyo. Iye ali pakati pa msana wanu wotentha ndi chitenje, thupi lake n'laling'ono, ndipo sanganene kuti ali ndi ludzu. Pumani pamthunzi, mumutsitse, apitidwe mphepo.

Apa amayi ambiri amafunsa kuti, "Nanga poti kwatentha, ndimumwetseko timadzi?" Ngati sanakwanitse miyezi 6, ayi. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira, ngakhale kuno kunyanja. Madokotala anapeza kuti othamanga ena amene amamwa madzi okhaokha mopitirira muyeso amadwala kwambiri, ena mpaka kufa, chifukwa mchere wa m'magazi umasungunuka n'kuchepa, ubongo n'kutupa. Khanda lingathe kuona zomwezo ndi madzi ochepa chabe. Madziwo angabweretsenso matenda otsegula m'mimba. Madzi imwani ndinu, mwanayo muyamwitse pafupipafupi.

Kuzizira nakonso kumapha. Mu Meyi 2021, ku Gansu m'dziko la China, othamanga 21 anamwalira pa mpikisano wa makilomita 100 atagweredwa mvula ya matalala ndi mphepo yozizira ali ndi zovala zopepuka. Ambiri anali anthu ozolowera kuthamanga. Thupi lonyowa likaombedwa ndi mphepo limataya kutentha msanga. Tsono mwera ukamaomba mu Juni ndi Julayi, mwana akanyowa mupukuteni, mumusinthe zovala, mumuveke chipewa. Khanda likazizira manja ndi miyendo, ligonekeni pachifuwa panu, khungu kwa khungu, ndi kufunda nonse.

Thamangirani kuchipatala mwana akalowa maso kapena liwombo, akaleka kukodza, akafooka, akakana kuyamwa kapena akakomoka. Mukatsina khungu la pamimba pake n'kuchedwa kubwerera, madzi atha kwambiri m'thupi. Ngati akutsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, muzimumwetsa ndi supuni muli m'njira, osasiya kuyamwitsa. ORS wotsala mutaye pakatha maola 24, mupange wina.