Msonkho wa Andale Olemera pa Sikelo ya Zakaat

M'mwezi wa Malichi 2023, Rishi Sunak, yemwe panthawiyo anali nduna yaikulu ya dziko la Britain, anatulutsa poyera chikalata chosonyeza ndalama zomwe anapeza ndi msonkho womwe analipira. M'chaka cha msonkho cha 2021/22 anapeza pafupifupi mapaundi 2 miliyoni, ndipo anapereka ku boma mapaundi oposa pang'ono 432,000. Kunena kwina, pa mapaundi 100 aliwonse boma linatengapo 22 okha. Izi zinadabwitsa ambiri, chifukwa m'dziko lomwelo munthu wolandira malipiro apamwamba amadulidwa 45 peresenti pa gawo lapamwamba la malipiro ake.

Sunak sanaphwanye lamulo lililonse, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani. Malipiro ake monga phungu ndi nduna anali kachigawo kochepa chabe ka zomwe anapeza. Zambiri, mapaundi pafupifupi 1.6 miliyoni, zinali phindu lochokera ku chuma chomwe anachiika m'masheya ku America, ndipo msonkho wa phindu lotere unali 20 peresenti. Lamulo la dzikolo limalemera pa thukuta la munthu, koma limapepuka pa ndalama yomwe yabereka inzake mwini wake ali mtulo.

Ku America zinaonekanso chimodzimodzi m'chaka cha 2012, pamene Mitt Romney ankapikisana ndi Barack Obama pa mpando wa pulezidenti. Zikalata zake zinaonetsa kuti mu 2010 anapeza madola 21.7 miliyoni ndipo analipira pafupifupi madola 3 miliyoni, omwe ndi 13.9 peresenti. Panthawiyo msonkho wapamwamba wa malipiro unali 35 peresenti, pomwe wa phindu la masheya unali 15. Romney ndi munthu wopemphera, wa mpingo wa Mormon, ndipo amapereka chakhumi. Mu 2011 anapereka madola pafupifupi 4 miliyoni ku mpingo ndi ntchito zachifundo. Lamulo limamulola kuchotsera zoperekazo pa ndalama zowerengera msonkho, koma iye anachotsera madola 2.25 miliyoni okha, dala, kuti msonkho wake usatsike kupyola 13 peresenti yomwe anali atauza kale anthu. Wolemera amatha kusankha yekha mulingo wa msonkho wake. Mphunzitsi wa ku Makanjira kapena namwino wa ku Nkhotakota alibe mwayi umenewo, pakuti PAYE imadulidwa malipiro asanafike m'manja mwake.

Komabe manambala amenewa sakunena zonse. Msonkho wa phindu la masheya umalipiridwa pokhapokha mwini wake akagulitsa. Akapanda kugulitsa, chuma chake chikhoza kukula chaka ndi chaka boma osalawako kanthu, ndipo akafuna ndalama zogwiritsa ntchito amangokongola ku banki, masheyawo n'kukhala chikole. Mu 2021 atolankhani a bungwe la ProPublica anapeza kuti pakati pa 2014 ndi 2018 chuma cha anthu 25 olemera kwambiri ku America chinakula ndi madola 401 biliyoni, pomwe msonkho womwe analipira unali madola 13.6 biliyoni, kapena kuti 3.4 peresenti. Mmodzi mwa iwo anali Michael Bloomberg, meya wakale wa mzinda wa New York, yemwe gawo lake linali 1.3 peresenti.

Msilamu akamva zimenezi akhoza kufulumira kunena kuti Zakaat ndi yochepa kuposa pamenepo, popeza ndi 2.5 peresenti yokha. Kuganiza kotero n'kusazindikira chomwe Zakaat imayeza. Boma limafunsa kuti wapeza zingati chaka chino. Zakaat imafunsa kuti uli ndi zingati. Chuma chikafika pa nisaab, yomwe ndi mtengo wa magalamu 85 a golide, ndipo chatha chaka chathunthu cha mwezi chili m'manja mwako, gawo la osauka latulukamo kale, kaya wagulitsa kapena ayi. Ma ulama ambiri a masiku ano amagwirizana kuti masheya omwe munthu wagula n'cholinga chodzawagulitsa ali ngati katundu wamalonda, ndipo Zakaat yake imawerengedwa pa mtengo wake wapamsika tsiku lomwe chaka chakwanira. Pa masheya ongosungira kuti azibweretsa phindu pali kusiyana maganizo pa kawerengedwe, koma palibe amene amati mwini wake angokhala chete.

Tiyerekeze munthu yemwe anali ndi masheya amalonda a K100 miliyoni, ndipo pakutha pa chaka afika pa K110 miliyoni. Sanagulitse, choncho m'malamulo ngati a Britain kapena America palibe msonkho wa phindulo. Zakaat yake ndi K2.75 miliyoni, yomwe ndi yoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a phindu la K10 miliyoni lija. Ameneyu walipira gawo lalikulu kuposa la Sunak, ndipo chaka chamawa adzalipiranso, ngakhale msika utagwa. N'chifukwa chake Khalifa Umar bin Al-Khattab (Allah asangalale naye) ankalangiza osunga chuma cha ana amasiye kuti azichichitira malonda, kuopa kuti Zakaat ingachimalize pang'onopang'ono. Chisilamu sichifuna chuma chogona, ndipo Surat Al-Hashr imatsutsa zoti chuma chizingozungulira pakati pa olemera okhaokha.

Pano tisasokoneze zinthu. Zakaat si msonkho wa boma, ndipo omwe amayenera kuilandira anatchulidwa kale m'Surat At-Tawbah, magulu asanu ndi atatu. Sheikh Yusuf Al-Qaradawi, m'buku lake lotchedwa Fiqh az-Zakaat, anafotokoza kuti kulipira msonkho sikumuchotsera Msilamu udindo wa Zakaat. Zakaat nayonso si chifukwa chozembera msonkho womwe umamanga misewu ndi kugula mankhwala m'zipatala. Tikuziika pambali ndi pambali kuti tione kusiyana kwa maso omwe zimayang'anira munthu wolemera.

Pa wolemera yemwe ali pa udindo, Umar ankaonjezera muyeso wina. Olemba mbiri monga Al-Baladhuri amanena kuti posankha bwanamkubwa ankalembetsa chuma chake chonse, ndipo akaona kuti chakula mopitirira, ankachigawa pakati, theka n'kulowa ku Baitul Maal. Amr bin Al-Aas, bwanamkubwa wa Egypt, anatumiziridwa Muhammad bin Maslamah kuti akachite zimenezi. Abu Hurairah nayenso anafunsidwa za chuma chomwe anabwera nacho kuchokera ku Bahrain. Awa anali maswahaba a Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale naye), osati akuba. Umar ankadziwa kuti mpando umatsegula zitseko zomwe munthu wamba amazipeza zotseka, ndipo phindu lolowera pa zitseko zimenezo si la mwini mpando yekha.

Nkhani yomwe ikufanana kwambiri ndi za masiku ano ili m'buku la Muwatta la Imam Malik. Ana awiri a Umar, Abdullah ndi Ubaidullah, pobwerera kuchokera ku Iraq anadzera ku Basra kwa bwanamkubwa Abu Musa Al-Ash'ari. Iye anawapatsa ndalama za boma zoti akapereke ku Madina, n'kuwalola kuti agulire katundu, akagulitse, ndipo phindu likakhale lawo. Anachitadi zimenezo ndipo anapindula. Atafika, Umar anafunsa ngati asilikali ena onse anakongozedwanso chimodzimodzi. Atamva kuti ayi, anagamula kuti abweze ndalamazo pamodzi ndi phindu lonse, poti anapatsidwa chifukwa chokhala ana a mtsogoleri. Abdullah anakhala chete. Ubaidullah anatsutsa, nati chikhala kuti katunduyo anaonongeka, iwo ndi amene akanalipira. Pamapeto, potsatira malangizo a mmodzi mwa omwe analipo, phindulo linagawidwa pakati. Ana a Khalifa analipira 50 peresenti pa malonda omwe sanabepo ngakhale dirhamu imodzi.

Kuno kwathu, lamulo la 2013 lolamula akuluakulu a boma, aphungu ndi nduna kulengeza chuma, ngongole ndi mabizinesi awo, lili ndi mzimu wa kaundula wa Umar. Mphamvu yake ili pa kubwereranso ku kaundulayo munthu akamachoka pa mpando, n'kufunsa za kusiyanako.

Ku Britain mkangano wa msonkho wa olemera unabala zipatso pang'ono. Akshata Murty, mkazi wa Sunak, yemwe ali ndi masheya m'kampani ya Infosys yomwe bambo ake anayambitsa ndi anzawo ku India, anavomera mu Epulo 2022 kuyamba kulipira msonkho wa ku Britain pa phindu lake lakunja, anthu atadandaula. Mu Okutobala 2024 boma latsopano la chipani cha Labour linakweza msonkho wa phindu la masheya kuchoka pa 20 kufika pa 24 peresenti. Msonkho wapamwamba wa malipiro unatsalabe pa 45.