Dalaivala wa Minibasi Nayenso Ndi Wantchito: Zimene Malamulo Akunena

Minibasi zoyamba zimanyamuka pa depoti kusanache, ndipo zambiri zimakaima usiku anthu atagona kale. Kawirikawiri dalaivala ndi kondakitala amene anayamba ulendo wa m'mamawa ndi omwewo amene amatsiriza wa usiku. Okwera amadandaula za liwiro ndi kupanikizana pa mipando, ndipo m'pomveka, koma ndi ochepa amene amafunsa kuti munthu amene ali pa chiwongoleroyo wagona maola angati.

Gwero la vutoli ndi kalipiridwe. Eni minibasi ambiri amaika ndalama yoti izibwera tsiku lililonse, imene pa depoti amaitcha tageti. Ogwira ntchito amayamba agula mafuta, kenako n'kukwanitsa ya bwana, ndipo zotsala ndizo zopita nazo kunyumba. Motero dalaivala akapuma ola limodzi, ndi ndiwo za ana ake zimene zachepa. Kuthamanga, kulimbirana okwera pa siteji ndi kukweza anthu anayi pa mpando wa atatu, zonsezi zimabadwira pamenepo. Apolisi apamsewu akhoza kulipiritsa chindapusa tsiku ndi tsiku, koma tageti ikakhala yomweyo, mawa lake zimayambiranso.

Thupi nalo limalipira. Munthu wosagona mokwanira amachedwa kuponda mabuleki, ndipo amatha kusinza kwa kanthawi kochepa osazindikira. Kukhala pansi tsiku lonse m'misewu ya maenje kumapweteketsa msana. Kondakitala, amene amakhala pa chitseko, amapuma utsi ndi fumbi kuposa wina aliyense m'galimotomo. Ambiri amamwa madzi ochepa dala poopa kusowa kodzithandizira. Matenda a kuthamanga kwa magazi nawo amayamba mwakachetechete, choncho n'kofunika kuti ogwira ntchitozi aziyezetsa ku chipatala chapafupi, ndi maso omwe, ngakhale asakumva kupweteka kulikonse.

Malamulo a dziko sanawaiwale anthu amenewa. Lamulo la zolemba anthu ntchito la chaka cha 2000 likuti maola okhazikika ogwira ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo wantchito asagwire masiku oposa 6 otsatizana popanda kupuma maola 24. Lamulo lina la chaka chomwecho, la chipukutamisozi kwa antchito, likupereka udindo kwa wolemba ntchito pamene wantchito wavulala ali pa ntchito. Dalaivala kapena kondakitala akavulala, nkhaniyo ikafike ku ofesi ya zantchito ya pa boma mwamsanga, pamodzi ndi zikalata za kuchipatala ndi za kupolisi. Chovuta n'chakuti ambiri amalembedwa ntchito pakamwa chabe, ndipo ngozi ikachitika, mwini galimoto ena amakana kuti munthuyo anali wawo. Mgwirizano wolembedwa, ngakhale wa tsamba limodzi, wotchula malipiro, maola ndi tsiku lopuma, umathetsa mkangano wotero usanayambe.

Galimoto yonyamula anthu iyenera kukhala ndi inshuwalansi komanso chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chimene chimaperekedwa kudzera ku nthambi yoona za pamsewu ya Road Traffic. Tayala lakutha kapena chitseko chomangira chingwe zimayamba kuopseza amene amakhala m'galimotomo tsiku lonse.

Khonsolo nayo ili ndi mbali yake, popeza ndiyo imatolera ndalama m'madepoti. Zimbudzi zaukhondo, madzi akumwa, mthunzi wopumira ndi magetsi a usiku si zinthu zapamwamba, ndipo anthu a m'wodi ali ndi ufulu wozifunsa kudzera mwa khansala wawo kapena ku komiti ya chitukuko ya m'dera. Okwera akaona dalaivala akusinza kapena akuthamanga mopitirira, alankhule pomwepo, ndipo ngati sakumva, alembe nambala ya galimoto ndi kukanena kwa apolisi apamsewu.