Dzina la wosoka lili kuti?

Ntchito yanga ndi yolinganiza zovala, imene ambiri amangoti udizayina, ndipo anthu sachedwa kundifunsa kuti timasiyana pati ndi telala. Telala amasoka chimene wauzidwa kapena chimene waona pachithunzi. Dizayina amayamba popanda chithunzi. Amajambula, n'kudula patani papepala, n'kusoka chovala choyeserera pansalu yotchipa. Akatero amaveka munthu, kubaya mapini, kuphwasula, kusokanso, mpaka phewa litakhala bwino ndipo siketi ikugwa momwe iye akufunira. Sizasi imakhudza nsalu yeniyeni kumapeto kwenikweni. Koma ntchitoyi ili ndi mbali ina imene sichitikira pamakina, ndipo ndi imene imachititsa kuti wina atchuke, wina aiwalike: dzina la ndani lisokeredwe pakolala.

Pa 12 Seputembala 1953, Jacqueline Bouvier anakwatiwa ndi John F. Kennedy ku Newport, m'dziko la America. Diresi lake, la silika wa mayadi pafupifupi 50, linajambulidwa ndi kufotokozedwa m'nyuzi zambirimbiri. Analipanga ndi mayi wachikuda, Ann Lowe, wobadwira ku Alabama, amene anaphunzira singano kwa amayi ake ndi agogo ake. Atapita kusukulu ya zosokasoka ku New York mu 1917, ankamuphunzitsira m'chipinda chayekha chifukwa cha khungu lake. Kutatsala masiku 10 kuti ukwati wa Kennedy uchitike, paipi yamadzi inaphulika m'shopu yake n'kuononga diresilo pamodzi ndi madiresi ambiri a operekeza mkwatibwi. Amene anasokapo diresi laukwati akudziwa kuti apa mtima umaima. Lowe anagulanso nsalu ndi ndalama za m'thumba mwake, iye ndi antchito ake n'kuchezera usana ndi usiku, ndipo zovala zinafika nthawi yake. Phindu sanalione, analowa m'maluzi. Nyuzi zinatamanda diresi koma pafupifupi zonse sizinamutchule. Zinali zitamuchitikirapo kale mu 1947, pamene katswiri wa mafilimu Olivia de Havilland analandira mphoto ya Oscar atavala diresi la Lowe, koma pa lebulo panali dzina la Sonia Rosenberg.

Ena amati kufuna kutchulidwa ndi matama. Sichoncho. Pantchito yathu dzina ndi mpamba. Masitolo akuluakulu amaika oda yawo kutatsala miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi kuti zovala zifike pamsika, ndipo kawirikawiri amalipira katundu atafika kale. Nthawi yonseyi nsalu, ulusi, malipiro a osoka ndi chionetsero cha fashoni zimatuluka m'thumba la dizayina. Kuti apirire ayenera kupeza womubwereka ndalama, ndipo wobwereketsa amafuna dzina limene analimvapo. Dzinalo limamveka kudzera m'timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa chithunzi m'magazini, komanso pakamwa pa munthu wotchuka akafunsidwa kuti wavala za ndani. Akakuchotsa pamenepo ndiye kuti akutsekera khomo la kubanki. Lowe ankasokera mabanja olemera ngati a Rockefeller ndi a du Pont, amene ankanenerera mitengo yake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 bizinesi yake inagwa ndi ngongole.

Sanali yekha. Elizabeth Keckley anadziombola kuukapolo mu 1855 ndi ndalama zimene makasitomala ake anamubwereka, kenako n'kukhala wosokera Mary Todd Lincoln, mkazi wa purezidenti wa America. Zelda Wynn Valdes anatsegula shopu yake pamsewu wa Broadway ku New York mu 1948, ndipo ankaveka Ella Fitzgerald ndi Josephine Baker. Oimbawo timawadziwa. Wowaveka, ndi angati anamumvapo?

Zinthu zasinthako, koma mwakachetechete ndiponso mochedwa. Mu 2019 ndi pamene mayi wachikuda anayamba kutsogolera kampani ya zovala pansi pa LVMH, gulu la ku France limene lili ndi Dior ndi Louis Vuitton. Mayiyo anali Rihanna, ndipo ine chimandiwawa n'chakuti chitseko chinatsegukira munthu amene anali atatchuka kale ndi nyimbo, osati mmodzi mwa amayi amene akhala zaka akuwerama patebulo lodulira. Kampaniyo, Fenty, inaimitsa zovala mu 2021. Ann Lowe anamwalira mu 1981, ndipo chionetsero chachikulu cha ntchito zake chinachitika kunyumba yosungirako zinthu zakale ya Winterthur mu 2023.

Kwathu kuno vuto si khungu, koma kubisika kulipo. Atelala amene timawaona pakhonde la sitolo ambiri ndi abambo, pomwe amayi ambiri aluso amasokera m'nyumba, makina ali pakona ya pabalaza, ana akusewera ndi zidutswa za chitenje. Mkwatibwi amathokoza wophika keke, wojambula zithunzi ndi wokongoletsa holo, koma wopanga diresi n'kumuiwala. Mukamaika zithunzi za chinkhoswe kapena ukwati pa Facebook, lembani dzina la amene anakupangirani chovalacho. Ndipo inu amayi anzanga a singano, sokererani lebulo ya dzina lanu pa chovala chilichonse chisanatuluke pakhomo panu.