Kompyuta ikazima pobena chimbale, musathamangire kuimba mlandu pulogalamu

Obena nyimbo za makwaya ndi mavidiyo a maukwati amalidziwa vutoli: chimbale chili pakati, kompyuta yauma, kapena yaonetsa sikirini ya buluu n'kuyambanso yokha. Ambiri amachotsa pulogalamu yobenera ya Nero n'kuika ina ya ImgBurn, ena amafufuta Windows yonse. Monga wokonza makompyuta, ndikuti apa pali matenda awiri osiyana. Chimbale kukanika kubeneka Windows ikugwirabe ntchito ndi nkhani ina, kompyuta yonse kugwa ndi nkhani inanso, ndipo pa vuto lachiwirili gwero lake kawirikawiri silikhala pulogalamu imene mukuiona pa sikirini.

Pobena, kuwala kwa leza kumawotcha utoto wopyapyala wa mkati mwa CD-R kapena DVD-R, ndipo deta iyenera kufika mosadukiza. Pa CD, liwiro la 1x ndi 150 KB pa sekondi, choncho 48x ndi pafupifupi 7 MB pa sekondi. Kale deta ikachedwa chimbale chinkaonongeka, vuto lotchedwa buffer underrun, mpaka m'chaka cha 2000 pamene Sanyo inabweretsa BURN-Proof, njira yoti leza iime n'kupitiriza pomwe inalekera. Koma ngakhale vuto limeneli limangoononga chimbale basi. Windows imatchingira pulogalamu wamba iliyonse m'malo akeake, moti ikalakwitsa imatsekeka yokha, zina zonse n'kumayendabe. Zimene zili ndi mphamvu yogwetsa kompyuta yonse ndi ma driver, amene amalankhula ndi zipangizo mwachindunji, komanso zipangizozo.

Wina anganene kuti yake imagwa pokhapokha akamabena ndi Nero, ndiye wolakwa ndi Nero. Pali zifukwa ziwiri zimene ndikukanira. Choyamba, mapulogalamu ambiri a zimbale amaika ma driver awo pakati pa Windows ndi chobenera. Mukaika Nero, Roxio ndi Daemon Tools pamodzi, ma driver amenewa amasanjikizana n'kumalimbana, ndipo ena amatsalira ngakhale pulogalamuyo mutaichotsa. N'chifukwa chake Microsoft yeniyeniyo inapereka malangizo ochotsera UpperFilters ndi LowerFilters mu registry chobenera chikasokonezeka, ntchito yofunika kusamala ndi kusunga kaye kope. Chachiwiri, kubena ndi nthawi imene chobenera chimakoka magetsi ambiri, poti mota ikuzungulira mwaliwiro ndipo leza yayaka mwamphamvu. Malo olumikizira a USB 2.0 amapereka 500 mA okha, n'chifukwa chake zobenera zina zakunja zimabwera ndi nthambo ya mitu iwiri. Power supply yotopa, nthambo yokhwefuka, RAM yolakwika kapena fani yodzaza fumbi zimabisala pa ntchito zopepuka, monga njinga yosweka felemu imene imadziwika ikasenza matumba.

Choncho fufuzani mwadongosolo. Sikirini ya buluu ikabwera, lembani stop code ndi dzina la fayilo lothera ndi .sys ngati laoneka, chifukwa nthawi zambiri limaloza driver wolakwayo. Ikadutsa msanga, yang'anani mu Event Viewer. Kenako benani ndi pulogalamu yobenera ya mu Windows momwemo. Kompyuta ikagwanso, pulogalamu ya Nero imene mumaiona pa sikirini ilibe mlandu, koma ma driver ake angakhale nawobe. Pangani kaye fayilo ya ISO, muibene pa 8x mutatseka mapulogalamu ena, yesani nthambo ina, pukutani fumbi, ndipo muyeze RAM ndi MemTest86. Muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, kuti mudziwe chimene chathandiza.

Ndikudziwa kuti wa bizinesi anganene kuti kasitomala akudikira, kufufuta Windows n'kwachangu. Kufufutako kumachotsadi ma driver olimbana, koma sikukonza nthambo kapena power supply, ndipo mukabwezeretsa mapulogalamu omwewo vuto limabwerera. Siyani pulogalamu imodzi yokha yobenera m'kompyuta yanu, ndipo musafufute kanthu musanawerenge uthenga umene kompyutayo yakupatsani.